Zikamasokonekera pogawa mankhwala m'wodi: zoyambitsa ndi zochita, kwa ophunzira unamwino ku Mangochi

Gulu lililonse la ophunzira unamwino likafika kudzaphunzira ntchito kuno ku Mangochi, kaya pachipatala chachikulu kaya pa kachipatala ka m'mbali mwa nyanja, zophophonya pogawa mankhwala zimakhala zomwezomwezo. Si kuti sanawerenge ayi. Aliyense amalakatula pamtima zisanu zija: wodwala woyenera, mankhwala oyenera, mlingo woyenera, njira yoyenera, nthawi yoyenera. Chimawagwetsa ndi wodi yodzaza mpaka ena agona pansi, namwino mmodzi pa naiti, kutentha kwa mu Okutobala, ndiponso manyazi ofunsa. Manyaziwo ndiwo amandidetsa nkhawa koposa.

Wophunzira sagawa mankhwala yekha. Amagawa pamaso pa namwino wovomerezedwa ndi bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, ngakhale wodi itatanganidwa chotani. Milingo yomwe ili m'munsimu ndi yokuthandizani kuzindikira kuti penapake palakwika. Chomwe mumatsata ndi zimene dokotala walemba pamodzi ndi ndondomeko za Unduna wa Zaumoyo zomwe zili m'wodi mwanu.

## 1. Mwaitana dzina, wayankha si mwini tchati

Zoyambitsa, kuyambira chofala kwambiri:

- Funso lofuna "eya". Mukati "Ndinu mayi Uje eti?" wodwala amavomera mwaulemu ngakhale sanamve bwino. Agogo ambiri ochokera ku Makanjira, Katuli kapena Namwera Chiyao ndicho chinenero chawo, ndipo sangatsutse munthu wovala yunifolomu.
- Kudalira nambala ya bedi. Odwala amasunthidwa usiku, wina wodwalika atenga bedi, mwini bedi apita pansi, tchati chatsala pamalo pake.
- Mayina ofanana. Kuno si zachilendo kupeza a Fatima awiri kapena a Yusufu awiri m'wodi imodzi, nthawi zina ndi dzina la bambo lofanananso.
- Buku la kuchipatala lobwereka kwa m'bale, kapena mapasa ogona pa kabedi kamodzi.

Chochita: funsani kuti "Dzina lanu ndani, mayi?" anene okha. Kenako funsani chachiwiri, mudzi kapena zaka, n'kuyerekeza ndi tchati komanso buku. Kwa mwana kapena wokomoka, afunseni a gadiyani mofananamo. Ngati Chiyao simuchidziwa, pemphani wogwira ntchito m'wodi akumasulireni, osati wodwala wa pa bedi loyandikana.

Imani, itanani a sisita ngati dzina, zaka kapena matenda a pa tchati sizikugwirizana ndi munthu amene ali pamaso panu.

## 2. Mlingo womwe mwawerengera ukuoneka wachilendo

Apa ndipo ndikhalitsepo, chifukwa ana ndiwo amavulala kwambiri ndi masamu athu. Chizindikiro chake n'chosavuta: mwapezeka mukuthyola timabotolo tambiri pa jakisoni mmodzi, kapena mwadzaza sirinji yaikulu kuti mubaye khanda. Mtima ukakayika, umvereni.

Choyamba, kulemera kongoyerekeza kapena kwakale. Mwana anakwera sikelo miyezi itatu yapitayo, kapena wina wangomuyang'ana n'kulemba 15 kg. Mukwezeni pa sikelo lero. LA amaperekedwa potsata kulemera, osati zaka: piritsi 1 kwa wa 5 mpaka 14 kg, 2 kwa wa 15 mpaka 24 kg, 3 kwa wa 25 mpaka 34 kg, ndi 4 kwa wa 35 kg kupita m'tsogolo. Artesunate wobaya, wa malungo aakulu, ndi 3 mg pa kilogalamu kwa mwana wosafika 20 kg, ndi 2.4 mg pa kilogalamu kwa wa 20 kg kupita m'tsogolo. Kilogalamu imodzi ya bodza imasuntha mwana kuchoka m'gulu lina kupita m'linzake.

Chachiwiri, kusokoneza mg ndi ml. Dokotala amalemba mg, inu mumakoka ml. Gawani mlingo wolembedwa ndi mphamvu ya pa botolo. Khanda lobadwa pa nthawi yake la 3 kg, lolembedwera gentamicin 5 mg pa kilogalamu, likufunika 15 mg. Kabotolo kofala kali ndi 80 mg mu 2 ml, kutanthauza 40 mg pa 1 ml, ndiye mukukoka pafupifupi 0.4 ml basi, ndi sirinji ya 1 ml. Mukabaya kabotolo konse mwapereka kuposa kasanu, ndipo gentamicin amawononga impso ndi makutu. Palinso kabotolo ka 20 mg mu 2 ml. Pamenepo 15 mg yomweyo ndi 1.5 ml. N'chifukwa chake simuloweza ml, mumawerenga botolo nthawi iliyonse.

Chachitatu, kusungunula mwa njira ina, kukoka mwa njira ina. Kabotolo ka artesunate ka 60 mg kamayamba ndi 1 ml ya sodium bicarbonate, n'kugwedeza mpaka madzi ayere. Kenako muthira 5 ml ya madzi osungunulira ngati ndi wa mu mtsempha, zomwe zikupatsani 10 mg pa 1 ml, kapena 2 ml ngati ndi wa mu mnofu, zomwe zikupatsani 20 mg pa 1 ml. Mwana wa 12 kg akufunika 36 mg: ndiye 3.6 ml mwa njira yoyamba, 1.8 ml mwa yachiwiri. Wosungunula ngati wa mu mnofu n'kukoka ngati wa mu mtsempha wapereka mlingo kawiri. Zimachitika makamaka wina akasungunula, wina n'kubaya. Musabaye zimene simunasungunule nokha kapena simunaone zikusungunulidwa.

Chachinayi, kadontho ka pakati pa manambala. Wina akalemba .5 kadonthoko n'kusaoneka, mumawerenga 5. Akalemba 5.0 mumawerenga 50. Inu polemba muzilemba 0.5, ndi 5 wopanda ziro kumapeto.

Chachisanu, miyeso ya penicillin ndi insulin. X-pen, yemwe ndi benzylpenicillin wobaya, amalembedwa mu MU, kutanthauza mayuniti miliyoni, ndipo 1 MU ndi 600 mg. Timabotolo tilipo ta 1 MU ndi ta 5 MU. Insulin amakokedwa ndi sirinji yake yokha. Chilembo U, choimira mayuniti, chikalembedwa mothamanga chimaoneka ngati ziro, 4 U n'kusanduka 40.

Chochita pa zonsezi: werengerani pa pepala, osati pamtima. Namwino awerengere payekha, asanaone yankho lanu, kenako muyerekeze. Kungomufunsa kuti "Ndi 3.6 eti, a sisita?" iye akuyankha foni, si kufufuza kumeneko.

Imani ngati mayankho anu asiyana, kapena ngati mankhwalawo ndi insulin, magnesium sulphate, morphine, pethidine kapena potassium chloride. Awa amafuna maso anayi nthawi zonse. Potassium chloride sabayidwa mu mtsempha molunjika ndi pang'ono pomwe, amaimitsa mtima.

## 3. Zolembedwa sizikuwerengeka

Kawirikawiri ndi kalembedwe kothamanga ka pa raundi. Kenako zidule zofanana, monga od ndi qid, kamodzi pa tsiku ndi kanayi pa tsiku. Kenako mlingo kapena njira zosalembedwa n'komwe. Pomaliza, lamulo la pakamwa kapena la pafoni lomwe palibe analilemba.

Chochita ndi chimodzi: funsani amene analemba. Musalote. Akale anati safunsa anadya phula, koma pano wodya phulayo ndi wodwala. Lamulo la pakamwa si la wophunzira kulandira. Apatseni a sisita foniyo.

## 4. Mankhwala akuoneka mosiyana ndi masiku onse

- Mwatenga ena. Timabotolo tagalasi timafanana kwambiri, makamaka usiku magetsi atazima mukuunika ndi foni. Werengani dzina katatu: potenga, pokoka, ndi musanataye kabotolo. X-pen ndi benzathine penicillin onse ndi ufa woyera m'kabotolo, koma benzathine akasungunuka amakhala ngati mkaka ndipo ndi wa mu mnofu mokha. Mu mtsempha amapha.
- Wopanga wasintha. Mtundu wa piritsi kapena paketi ukhoza kusintha malinga ndi amene anapanga. Musadalire mtundu, ndipo wodwala akati "Awa si aja ndimamwa," imani mufufuze. Odwala a ma ARV, a shuga ndi a BP amawadziwa mapiritsi awo kuposa inu.
- Kutentha. Oxytocin ndi insulin wosatsegula zimasungidwa mufuriji, pakati pa madigiri 2 ndi 8. Oxytocin wokhala pa trolley ya ku leba masabata ambiri m'chilimwe cha kuno amafooka osasintha maonekedwe, ndipo mudzazindikira mayi akutaya magazi chiberekero chikukana kulimba. Onani tchati cha kutentha pa chitseko cha furiji. Insulin amene anaundana nayenso ndi wowonongeka.
- Anasungunulidwa kale. Artesunate agwiritsidwe ntchito pasanathe ola limodzi, ndipo akapanda kuyera mbee atayidwe. Sirinji yopanda dzina yomwe mwaipeza pa thireyi ndi yotaya, ngakhale wina atalumbira kuti ndi ceftriaxone.
- Masiku anatha. Onani deti, ndipo botolo lotsegulidwa likhale ndi tsiku lomwe linatsegulidwa.

Itanani a ku famase ngati furiji inazima nthawi yaitali, kapena ngati bokosi lonse likukayikitsa. Musabwezere pa shelefu mwakachetechete.

## 5. Dripu yatha msanga, yaima, kapena mkono watupa

Ikatha msanga, chofala ndi chakuti madontho sanawerengedwe ndi wotchi, anangoyang'anidwa. Chotsatira, wodwala wawongola mkono womwe unali wopinda pomwe mumatchera. Chachitatu, a gadiyani atsegula kuti ithe msanga, poganiza kuti akuthandiza. Afotokozereni mwaulemu pachiyambi pomwe. Chomaliza, mwasokoneza paipi. Paipi wamba nthawi zambiri imapereka madontho 20 pa 1 ml, ya ana 60. Zalembedwa pa paketi. Chulukitsani ml ndi madontho a paipiyo, mugawe ndi mphindi. Botolo la 1,000 ml loti lithe maola 8 pa paipi ya 20 ndi madontho 42 pa mphindi.

Ikaima, onani motsatana: chotsekera, paipi yopindika kapena yogoneredwa, botolo lotsika, mkono wopinda, kenako kanyula. Musakankhe madzi mwamphamvu mu kanyula yotsekeka.

Pamalo pakatupa, pakazizira kapena pakamawawa, madzi akupita m'mnofu. Tsekani nthawi yomweyo, uzani namwino. Ngati munali mankhwala oluma ngati dextrose 50% (madzi a shuga a mu mtsempha) kapena potassium, musathamangire kuzula kanyula asanaone.

Chinanso: ceftriaxone sasakanizidwa ndi madzi a dripu a Ringer's lactate chifukwa cha calcium amene alimo, ndipo kwa makhanda n'zoopsa kwambiri.

Tsekani dripu, fuulani thandizo ngati mwana, mayi wa BP yokwera ali woyembekezera, wodwala mtima kapena mwana wonyentchera wayamba kupuma mothamanga, kutsokomola kapena kutupa zikope. Madzi amuchulukira.

## 6. Wodwala wasintha atangolandira mankhwala

Pano palibe zokonza nokha. Ntchito yanu ndi kuzindikira, kuimitsa mankhwala ndi kuitana.

Kubanika, kutupa milomo kapena nkhope, zidzolo zoyabwa, kukomoka patangopita mphindi zochepa. Thupi lakana mankhwala, ndipo penicillin ndi ceftriaxone ndiwo amakonda kuchita izi. Imitsani jakisoni kapena dripu, musasiye wodwala yekha, tumani wina. Choyamba ndi adrenaline wa 1:1,000 mu mnofu wa ntchafu, 0.5 ml kwa wamkulu, ndipo angabwerezedwe pakatha mphindi 5. Hydrocortisone ndi piriton si zoyambira, ngakhale manja ambiri amathamangira kumeneko. Tsiku loyamba m'wodi iliyonse funsani komwe kuli thireyi ya zadzidzidzi, muigwire adrenalineyo ndi dzanja lanu. Ndipo funso la "Kodi alipo mankhwala amene anakudanani?" lifunsidwe musanabaye, osati mutabaya.

Mayi amene akulandira magnesium sulphate, woletsa kukomoka kobwera ndi BP yokwera pa mimba, wafooka, akupuma pang'onopang'ono. Musanapereke mlingo wotsatira wa maola 4 aliwonse, onani zitatu: akupuma kosachepera ka 16 pa mphindi, bondo likudumpha mukaligogoda, mkodzo ukukwana 30 ml pa ola. Chimodzi chikasowa, mlingowo superekedwa, itanani. Wobwezera mphamvu yake ndi calcium gluconate, 1 g mu mtsempha pang'onopang'ono. Mayi wosakodza ndiye amaunjika mankhwalawa m'thupi, choncho thumba la mkodzo si la anthu oyeretsa m'wodi kungokhuthula, liyezedwe, lilembedwe.

Thukuta, kunjenjemera, kubalalika, kugona kosadzutsika. Ganizirani shuga wotsika: insulin anabayidwa koma nsima yachedwa, kapena mwana wa malungo aakulu sakudya. Yezani shuga. Wodzuka apatsidwe madzi a shuga. Wokomoka musamumwetse kanthu. Mwana sapatsidwa dextrose 50% osasungunula: gawo 1 ndi magawo 4 a madzi obayira zimapanga 10%.

Tulo tambiri ndi mpweya wochepa pambuyo pa morphine, pethidine kapena diazepam. Werengani mpweya mphindi yathunthu. Wa morphine ndi pethidine, naloxone ndiye amabweza.

Zilonda m'kamwa, maso ofiira, khungu losupuka patapita masiku. Bactrim, Fansidar, nevirapine, carbamazepine ndi phenobarbitone ndi omwe amakayikiridwa. Mlingo wotsatira usaperekedwe dokotala asanaone. Kumbukiraninso ku sikelo ya amayi: woyembekezera amene akumwa Bactrim tsiku ndi tsiku sapatsidwa Fansidar.

Kuwawa kotsika mwendo wonse pobaya pa thako. Zulani singano, mwayandikira mtsempha waukulu wa mwendo wotchedwa sciatic nerve, ndipo phazi likhoza kulemala. Thako mumaligawa panayi n'kubaya chigawo cha kumtunda, chakunja. Ana aang'ono amabayidwa pa ntchafu.

## 7. Mapiritsi apezeka pansi pa pilo, kapena wodwala akukana

1. Munawasiya pa kabati n'kupitirira. Dikirani ameze. Mukawapatsa a gadiyani kuti "azimwa nthawi ikakwana" simunagawe mankhwala.
2. Sanamvetse. "Kawiri pa tsiku" ena amamwa onse m'mawa. Nenani kuti "m'mawa ndi madzulo," ndipo abwereze zomwe amva. LA mlingo wachiwiri ndi pakatha maola 8, yonse pamodzi ndi 6 pa masiku 3, ndipo amalowa bwino m'thupi akamwera mkaka kapena chakudya cha mafuta, ngati phala la nsinjiro.
3. Akuwapweteka. Praziquantel wa likodzo, yemwe kuno kunyanja timamugawa kwambiri pa 40 mg pa kilogalamu, amapotokola m'mimba ndi kuchititsa chizungulire akamwedwa ndi njala. Adye kaye.
4. Akusala m'mwezi wa Ramadani. Musakalipe, musanyoze. Chisilamu chimalola wodwala kumasula n'kudzabweza masikuwo akachira, ndipo ambiri amamasuka akamva izi kwa a shehe kapena kwa wachibale wamkulu. Ena nthawi yomwera ingathe kusunthidwa, koma wosuntha ndi dokotala. Wa insulin kapena mapiritsi a shuga amene akusala adziwike msanga.
5. Akumwa ena a kunyumba, a zitsamba kapena ogula pa okala. Funsani modekha, "Agogo, kupatula awa, palinso ena amene mukumwa?" Mukafunsa mwaukali sanena.

Mwana akasanza LA pasanathe mphindi 30, mlingo umabwerezedwa. Akamangosanza chilichonse, ameneyo si wa mapiritsi, dokotala adziwe. Wamkulu wozindikira ali ndi ufulu wokana. Musabise mankhwala mu phala. Lembani kuti wakana, ndipo uzani a sisita.

## 8. Pa tchati pali mpata, palibe wasaina

Mwina anapereka n'kuiwala kusaina. Mwina sanapereke, chifukwa wodwala anali ku X-ray kapena kanyula inatuluka. Mwina mankhwala anatha. Simungadziwe poyang'ana pepala, choncho musapereke "kuti mwina," ndipo musawirikize wotsatira. Funsani amene anali pa ntchito nthawi imeneyo, funsani wodwala ndi a gadiyani, kenako namwino ndiye agamule.

Inu musasainire zomwe simunapereke, ngakhale mnzanu atakupemphani, ndipo musasaine musanapereke. Chizolowezi chosaina mzere wonse wa naiti nthawi ya 10 koloko kuti m'mawa pasakhale chintchito ndi chomwe ndimadana nacho kwambiri, pakuti mwana wa artesunate wa pa maola 0, 12 ndi 24 amaoneka ngati walandira zonse pomwe wadumphidwa. Mankhwala akatha, lembani kuti atha ndipo dokotala auzidwe tsiku lomwelo; musasankhe nokha olowa m'malo mwake. A mu kabati yokiya, monga morphine ndi pethidine, ali ndi kaundula wawo, ndipo makiyi ake sakhala m'thumba la wophunzira.

## 9. Mwadzibaya ndi singano

Nthawi zambiri ndi kuvindikira singano mutabaya, kapena bokosi la singano lodzaza mopitirira. Bokosilo limatsekedwa likafika magawo atatu mwa anayi.

Tsukani ndi sopo pa madzi oyenda, osafinya, osayamwa. Uzani a sisita pompo. PEP, mankhwala oteteza kuti musatenge HIV, amayenera kuyambika msanga, m'maola oyambirira, osapitirira maola 72, ndipo musamulekeze panjira. Loweruka kapena usiku si chifukwa chodikirira Lolemba. Funsaninso za katemera wa hepatitis B ngati simunamalize.

## 10. Mwazindikira kuti mwapereka kale zolakwika

- Pitani kwa wodwala poyamba. Imitsani zomwe zikulowabe, yezani mpweya, kugunda kwa mtima ndi BP.
- Uzani namwino woyang'anira wodi nthawi yomweyo, osadikira kuona ngati "zivute." Naloxone, calcium gluconate ndi dextrose zimathandiza zikafika msanga.
- Nenani zinayi: mankhwala ati, ochuluka bwanji, njira iti, nthawi yanji.
- Sungani kabotolo, paketi ndi sirinji yopanda singano.
- Lembani zoona pa tchati ndi nthawi yake. Osafufuta, osang'amba tsamba.
- Mphunzitsi wanu wa kusukulu amve kwa inu tsiku lomwelo.

Kufotokozera wodwala ndi abale ake ndi udindo wa namwino woyang'anira pamodzi ndi dokotala. Inu mukhalepo ngati akuitanani. Ngati vuto lachokera ku mankhwala enieniwo, kaya adana ndi thupi la wodwala kaya akukayikitsa kapangidwe, pali fomu yomwe imapita ku bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA kudzera ku famase. Fomuyo imafuna dzina la wopanga, nambala ya gulu la mankhwalawo ndi deti lothera, ndipo zonsezi zili pa kabotolo ndi pa bokosi lake.